Musanasonkhe moto, dziwani amene mukumuphikira

Adzukulu anga a ku Area 25 ku Lilongwe, kalata yanu yandipeza. Mwati mulipo anthu 8, ena apabanja ena ayi, ndipo Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse mumakadyera limodzi chakudya chamadzulo kunyumba kwa mmodzi wa inu, mosinthana. Aliyense amatumiza kangachepe pa Mpamba kapena Airtel Money kwa amene akulandira, ndipo wolandirayo amayesa kuphika chimene sanaphikepo. Munayamba ndi chimwemwe, koma tsopano mwayamba kuyang'anana ndi diso lam'mbali. Wina anaphika zodula mpaka otsatira ake akuchita mantha. Wina amene amakhala nyumba ya chipinda chimodzi akungozengereza mwezi wake. Wina amatulukira ndi chibwenzi chake osanena. Ndiye pali wina amene akuti muziitana ndi anthu osawadziwa azilipira mpando, monga amachitira achemwali ake ku London. Funso lanu lalikulu n'lakuti, kodi kulandira ndalama kwa munthu amene wadya m'nyumba mwako si kuphwanya mwambo?

Si kuphwanya mwambo ayi, malinga aliyense akudziwa kuti wakhala pamphasapo ngati ndani. Mavuto onse mwalembawa akuchokera pamenepa. Mwasakaniza mlendo, mnzanu wa m'gulu ndi kasitomala, ndipo aliyense wa inu akuyembekezera ulemu wa mtundu wosiyana.

Mlendo salipira. Akafika amalume anu kuchokera ku Dedza kapena apongozi anu kuchokera ku Mchinji, mumagwira nkhuku, mumaiphika, mumaipereka yonse m'mbale pamodzi ndi nthutumba yake, kuti aone ndi maso awo kuti nkhukuyo yafera iwo. Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kuchoka, choncho zimene wadya siziwerengedwa. Munthu amene angatumize uthenga wa ndalama kwa mlendo wotere ndiye kuti mutu wamuzungulira. Zimenezi musazikhudze, zisiyeni mmene zilili.

Koma inu 8 simuli alendo kwa wina ndi mnzake. Zanuzi zikufanana ndi chipereganyu: lero onse athira kwa uyu, mwezi wamawa kwa uyo, ndipo palibe amene akuchitira mnzake chifundo. Ndipotu kudyera pamodzi si nzeru yochokera kunja. Kumudzi mayi aliyense ankaphika kwake, kenako nsima n'kupita nayo pabwalo, abambo ndi anyamata kwaokha, amayi ndi atsikana kwaokha. Amene ndiwo zamuvuta tsiku limenelo ankabwera ndi nsima ndi therere basi, n'kudya nawo nyama ya mnzake popanda womuloza chala, chifukwa onse ankadziwa kuti mawa zitembenuka. Pa dima nawonso anthu ankalima munda wa mnzawo, mwini munda n'kuwafululira mowa kapena thobwa, ndipo palibe ankati wagulitsa thobwa. Kupatsa n'kuika. Chimene chinkachititsa kuti zimenezi zikhalitse n'choti muyezo unali mphika wa wosauka, osati wa wolemera.

Apa ndiye pandipweteka, pa nkhani ya mnzanu wa chipinda chimodzi uja. Mwana ameneyu sakuzengereza chifukwa cha ulesi. Anakhala pa sofa kwa mnzake, anaona mbale zofanana zonse, mafoloko onyezimira, nyama ya mitundu itatu, ndiye akaganiza za mbaula yake ndi mipando iwiri ya pulasitiki, mtima ukumugunda. Mukapanda kusamala adzakatenga katapila kuti asachite manyazi, kapena adzangoti watanganidwa n'kusowa pang'onopang'ono, ndipo mudzataya munthu chifukwa cha mafoloko. Khalani pansi onse, mugwirizane ndalama imene wopeza zochepa kwambiri pakati panu angaithe osabwereka, ndipo mugwirizanenso kuti wolandira asawonjezere zambiri kuposa zimene zasonkhedwa. Amene ali ndi ndalama zomuyabwa aitane anthu tsiku lina mwa iye yekha, awadyetse ngati alendo ake, palibe womuletsa. Koma tsiku la gulu alemekeze muyezo wa gulu. Ndalamayi muziiunikanso nthawi ndi nthawi. Chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya mafuta ophikira ndi shuga sinakhazikike, ndipo ndalama imene munagwirizana chaka chatha mwina lero siikwana ngakhale nkhuku ziwiri. Wolandira amachita manyazi kunena, ndiye nenani inu.

Ndipo mmodzi wa inu amene amamasukirana naye apite kwa mnzanuyo, osati pa gulu la WhatsApp, akamuuze kuti mubwera ndi mphasa, mukhala panja, ndipo aliyense anyamula mbale yake. Akalandira kamodzi n'kuona anthu akunyambita zala, mantha amatha.

Zoyesa kuphika zatsopanozo ndazikonda. Chokhacho, zatsopano sizitanthauza za m'masitolo akuluakulu zokha. Mwa inu 8 ndani anachezapo chidulo, kuwotcha zitsononkho kapena makoko a nyemba, phulusa lake n'kuliika m'chitini chobooledwa pansi, madzi n'kumadontha pang'onopang'ono m'mbale? Therere la chidulo ndi la soda wa m'sitolo sizifanana pakamwa. Ndani anafutsapo nkhwani kapena khwanya m'nyengo ya dzinja n'kusunga m'chikwatu cha masamba a msuku, kuti mu October, dzuwa litaswa mtengo, anzake adye mfutso wotendera? Ngati pali wa ku Nkhata Bay kapena ku Nkhotakota, akuphikireni kondowole ndi usipa, muone mmene ufa wa chinangwa umafunira dzanja lachangu. Wa ku Karonga akuonetseni kaphikidwe ka mbalaga, nthochi zosapsa ndi nyama, ndi mpunga wa Kilombero umene umanunkhira mpaka kwa aneba. Zimenezi n'zotsika mtengo, ndipo ambiri a inu simuzidziwa, ngakhale kuti pizza mukuidziwa.

Yambani ndi thobwa, poti limaphunzitsa kudekha. Nyikani mawere kapena chimanga m'madzi, kenako khetsani madziwo, yalani pa thumba pamthunzi, fundikani, muziwaza timadzi mpaka timizu titatuluka. Yanikani padzuwa ziume gwa, musinje kapena mukagayitse. Chimenecho ndiye chimera. Phikani phala la mgaiwa, lipse bwino, muliphule. Pamenepa ndiye ambiri amalakwa, poti amathira chimera phala likadali moto. Kutentha kwambiri kumapha mphamvu ya chimera, thobwa limatuluka lozizira mkamwa, kenako munthu amathamangira shuga. Dikirani mpaka muzitha kugwira m'mbali mwa mphika osachotsa dzanja, ndiye thirani chimera mukutakasa. Mudzaona phala lolimba lija likusungunuka pansi pa mthiko, likusanduka madzi, ndipo mukalawa mudzamva kutsekemera kukubwera kokha. Vindikirani ligone, m'mawa muliwiritsenso, lizizire. Mukalisiya masiku ambiri limayamba kusasa n'kulowera ku mowa, choncho ngati pali osamwa, werengani bwino masiku.

Langizo limodzi kwa woyesa zatsopano: musayesere anthu 8 chinthu chimene simunachiphikepo ngakhale kamodzi. Yesani kaye mkati mwa sabata pa kamphika kakang'ono. Ndipo pambali pazikhala nyemba kapena masamba zimene mumazidziwa, kuti zikakanika anthu asabwerere ndi njala. Makala akhalepo ngakhale muli ndi kuka ya magetsi. Nsima muivundule anthu atafika kale, osati masana n'kuisunga.

Funsani zimene anzanu sadya, ndipo funsani mwezi usanafike. Msilamu sadya nkhumba, ndipo nyama ina afuna kudziwa amene wazinga. Wa Seventh Day sadya nkhumba ngakhalenso nsomba zopanda mamba monga mlamba ndi kampango, komanso Loweruka dzuwa lisanalowe sangakhale pa ntchito ya kukhitchini, ndiye tsiku lake lolandira lingafunike kusuntha. Alipo ena amene nsinjiro zimawatupitsa mpaka kubanika, ndipo ife timathira nsinjiro paliponse osaganiza zonena. Alipo a shuga ndi a BP. Kufunsa zimenezi si kudzitama, ndi ulemu. Posamba m'manja, madzi athiridwe kuchokera m'jagi, sopo alipo, beseni likungolandira. Zoti onse aviike manja m'beseni limodzi, wamkulu kuyamba, wamng'ono kumalizira m'madzi akuda, tizisiye. Kolera imene inabuka mu March 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ambiri a ife tinayenda maliro ake. Mpunga wotsala musaugoneke mumphika kuti mudye mawa masana ngati mulibe firiji. Ukhoza kukudwalitsani m'mimba ngakhale mutautenthetsa.

Tsopano za wobwera ndi chibwenzi osanena. Ndikudziwa chimene adzayankhe: pa Chimalawi munthu akapeza anthu akudya amauzidwa kuti fikani tidye. N'zoona, ndipo zikhale choncho. Woyenda m'njira amene wangotulukira, kapena mneba amene wabwera kudzabwereka machesi, muitanireni mbale. Koma kunyamuka kwanu mwadala ndi munthu wachiwiri, mukudziwa kuti mnzanu wagula zidutswa 8 za nsomba ndi ndalama zowerengeka, kumeneko si mwambo, n'kubisala kuseri kwa mwambo. Amene amagona ndi njala pa zoterezi ndi mwini nyumba, poti amapereka gawo lake mwakachetechete n'kunena kuti walawa kale kukhitchini. Nenani masiku atatu zisanachitike, musonkhere munthu wanuyo, ndipo wolandira akhale ndi ufulu wokana ngati malo ndi ochepa. Chimodzimodzi amene walonjeza kubwera n'kusintha maganizo ndiwo zitagulidwa kale: ndalama yake isabwezedwe, kupatula ngati kwagwa matenda kapena maliro.

Zina n'zoti amayi anu anakuuzani kale. Fikani pa nthawi, odini pakhomo, musalowe kukhitchini kukavundukula miphika. Mchere ukachepa pemphani mchere, musayambe kufotokoza mmene amaphikira azakhali anu. Zotsala musaike m'chikwama mwini wake asananene. Mukafuna kujambula, jambulani mbale, ndipo funsani kaye musanaike nyumba ya mnzanu pa Facebook, poti si onse oona zithunzi amene ali ndi mtima wabwino, ndipo si onse amafuna kuti dziko lidziwe mmene m'nyumba mwawo mulili. Abambo a m'gululi, ngati dzina lanu lili pa mndandanda, ndiye kuti mwezi wanu ndi wanu. Musakhale pabalaza kucheza za mpira, mkazi wanu ndi mtsikana wantchito akutuluka thukuta, kenako inu n'kumalandira kuyamikira. Ndipo mtsikana wantchitoyo ndi ana a m'nyumbamo apatulireni zawo poyamba, asadikire mafupa. Amene wamwa asagwire chiwongolero, agone pamphasa pomwepo.

Ndatsala ndi nkhani ya ku London. Zodyetsa anthu osawadziwa m'nyumba mwako molipiritsa zilipodi, ndipo si zamanyazi. Ku Cuba zinakula m'zaka za m'ma 1990, chuma chitagwa dziko la Soviet Union litatha, pamene boma linalola mabanja kutsegula timalesitilanti m'nyumba zawo, mipando isapitirire 12. Anthu ankafuna kupeza chodyetsa ana. Ku London zinatchuka cha m'ma 2009. Koma kumeneko ndi bizinesi, ndipo wobwerayo ndi kasitomala. Ku Britain munthu wogulitsa chakudya, ngakhale m'nyumba mwake, amayenera kulembetsa ku khonsolo kutatsala masiku 28 kuti ayambe, ndipo amayenera kuuza odya ngati m'chakudyamo muli china mwa zinthu 14 zimene zimadwalitsa ena, mtedza uli m'gulu lomwelo. Achemwali akewo ngati akuchita mwadongosolo, anadutsa monsemo. Kunonso khonsolo ya mzinda ili ndi malamulo ake pa ogulitsa zakudya, ndipo mowa sugulitsidwa popanda chiphaso. Kafunseni kaye kumeneko. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, auzeni a landilodi, auzeninso aneba, chifukwa magalimoto achilendo pageti usiku amabala mphekesera zimene simungazikonde. Ndipo mwana wamkazi amene akukhala yekha asatsegulire chitseko anthu owapeza pa intaneti popanda achibale kapena anzake m'nyumbamo.

Mdzukulu amene ali ndi maganizo amenewa, ndikukulimbikitsa, luso la manja likhoza kukudyetsa. Koma uchite pa tsiku lako, pa dzina lako, ndi mtengo wolembedwa poyera. Usatenge Loweruka la anzako n'kulisandutsa msika, iwo akusenda anyezi mwaulere pamene phindu likulowa m'thumba mwako. Ngati ena mwa iwo akufuna kulowa nawo, mulembe papepala amene waika zingati ndi mmene mudzagawanire, musanagule ngakhale tomato mmodzi. Amene wangobwera kudzathandiza kutsuka mbale tsiku limenelo, umulipire ngati waganyu, ngakhale akane kawiri.