Buku la chikondi cha kuntchito landisowetsa mtendere

FUNSO

Okondedwa Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 26 ndipo ndimagwira ntchito yolandira alendo pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi. Mwezi watha mnzanga wa kuntchito anandibwereka buku la Chingerezi lomwe analigula kwa ogulitsa mabuku akale pa boma. Nkhani yake ikuchitikira mu ofesi ina ku London, kumene bwana wa kampani ayamba kufuna mtsikana amene amamuthandiza ntchito. Ndinalimaliza m'masiku atatu okha chifukwa ndi lokoma, koma mtima wanga sunakhale m'malo. Bwanayo amachedwetsa mtsikanayo mu ofesi mpaka usiku pomupatsa ntchito zosafunika, ndipo mtsikanayo atapempha kuti asamutsidwire ku nthambi ina, iye akuletsa mwamseri kuti asamutalikire. Wolemba akuonetsa zonsezi ngati umboni wa chikondi, ndipo buku likutha ndi ukwati. Anzanga akuti ndikulimbana ndi nkhani yongopeka. Kodi ndine amene sindinalimvetse bukuli, kapena chikondi cha kuntchito n'choipa nthawi zonse?

Wowerenga wanu, Mangochi

YANKHO

Mwanangu, bukulo mwalimvetsa bwino, mwinanso kuposa anzanu amene akukusekani. Inenso mabuku otere ndimawerenga, makamaka pa ulendo wautali wa pa basi, choncho sindikuuzani kuti muwataye. Chofunika n'kudziwa luso limene wolemba amagwiritsa ntchito kuti tikonde munthu yemwe tikanakumana naye maso ndi maso tikanamuopa.

Luso lake ndi ili: wolemba amatilowetsa mumtima mwa bwanayo. Timamva maganizo ake, timaona kuti sagona tulo poganizira mtsikanayo, ndipo popeza mabuku a mtundu umenewu amatha ndi chimwemwe, timawerenga tikudziwa kale kuti palibe choipa chidzamugwere mtsikanayo. Mtsikana weniweni alibe mwayi umenewu. Iye saona mumtima mwa bwana wake. Chimene amaona ndi munthu amene amalemba ndandanda wa mashifiti, amene amasainira malipiro, ndiponso amene amasankha oti ayambe apuma nyengo ya dzinja ikafika alendo n'kuchepa m'maloji a ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear. Munthu wotere akati "tsalani pang'ono timalize ntchito iyi", wantchito wa kontrakiti ya miyezi yochepa, amene makolo ake kumudzi akudikira ndalama ya feteleza, savomera chifukwa cha chikondi. Amavomera chifukwa kukana kuli ndi mtengo wake. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nyerere za m'buku lanu zili pa tsamba limene bwana akutsekereza pempho la kusamuka, pakuti apo wagwiritsa ntchito udindo wa kampani kuti amangirire munthu pafupi naye popanda kumufunsa.

Kuno kwathu nkhaniyi ili ndi lamulo lake. Lamulo la Gender Equality Act la mu 2013 limaletsa mawu, zizindikiro kapena kukhudza kokhudzana ndi kugonana kumene winayo sakukufuna, ngati munthu woganiza bwino akanadziwa kuti zimenezo zimukhumudwitsa, kumunyazitsa kapena kumuopseza. Wopezeka wolakwa akhoza kulipira chindapusa cha K1 miliyoni ndi kukakhala kundende zaka zisanu. Lamulo lomweli limafuna kuti malo antchito akhale ndi ndondomeko yolandirira madandaulo otere, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi limene linapatsidwa udindo woona kuti likutsatidwa.

Tsopano funso lanu lachiwiri. Ayi, chikondi cha kuntchito si choipa nthawi zonse. Mabanja ambiri olimba anayambira komweko, monga aphunzitsi awiri a pa sukulu imodzi kapena wophika ndi woperekera zakudya pa hotela imodzi, mpaka ankhoswe a mbali zonse anakumana, ukwati n'kumangidwa kutchalitchi kapena kumzikiti. Anthu amene amathera tsiku lonse pamodzi amadziwana khalidwe kuposa amene anaonana pa Facebook. Kusiyana kwake n'kwakuti awiriwa palibe amene wagwira mkate wa mnzake m'manja. Pamene wina ali bwana wa mnzake, njira yaulemu n'njakuti wamkuluyo adziwitse eni ntchito kuti wina atenge udindo woyang'anira mnzakeyo, ndipo ndikadamulemekeza wolemba wanu akadamuchititsa bwana wake zimenezi m'malo momubisa kumbuyo kwa maluwa ndi chakudya cha kuhotela.

Mukamabweza bukulo, muwerengereni mnzanu mokweza tsamba la pempho lokanidwalo, kenaka mumufunse kuti mtsikanayo akanamukana bwanayo Lachisanu madzulo, Lolemba m'mawa akanakhala akugwira ntchito kuti. Ndipo ngati chimene chakulembetsani kalatayi si buku lokha, koma zina zimene mukuziona pa loji yanu, musafufute mauthenga a pa WhatsApp, lembani tsiku ndi nthawi ya chilichonse chochitika, ndipo mukafike nazo ku ofesi ya zantchito pa boma la Mangochi.

Azakhali