Anankafumbwe mu mpunga amalowera pati?

Mayi wina wa ku Nkhotakota wandifunsa funso limene ndimalimva chaka chilichonse nyengo yotentha ikafika. Iwo akuti anakolola mpunga wa Kilombero mu Juni, anaupunthitsa wonse ku chigayo, anasoka matumba bwinobwino nawaika m'chipinda chotseka, koma atamasula thumba loyamba mu Okutobala anapeza tizilombo takuda tikuyendayenda pamwamba, pansi pa thumba pali ufa. Akufuna kudziwa kuti tizilomboti tinalowera pati.

Mayi, nthawi zambiri nankafumbwe salowa thumba litasokedwa kale, koma amakhala alimo pamene mukusoka. Nankafumbwe wamkazi ali ndi kamlomo kakatali kamene amaboolera njere, kenaka amaikira dzira m'kabowoko ndi kumatapo, mwakuti njereyo mukaiyang'ana imaoneka yabwinobwino. Dziralo likaswa, kamphutsi kamadya m'kati mwa njere osaonekera kunja, ndipo kukamatentha pamangopita pafupifupi mwezi umodzi kuti katuluke kali nankafumbwe wamkulu wokonzeka kuikira mazira ake. Wamkazi mmodzi amatha kuikira mazira oposa 100 pa moyo wake, choncho ochepa amene anabisala m'misoko ya thumba lakale, m'ming'alu ya khoma, kapena m'zotsalira za ku chigayo amakwanira kudzaza thumba pa miyezi inayi. Tapani mpunga wanu dzanja limodzi ndi kuuthira m'mbale ya madzi. Njere zimene ziyandame muzione pafupi, ndipo mupeza kabowo kozungulira pamene kachilombo kanatulukira, m'kati mulibe kanthu.

Bambo wina wa ku Karonga anafunsa ngati kuli bwino kusunga mpunga wopuntha kapena wosapuntha, ndipo yankho lake likukhudzanso vuto la mayiwa. Mankhusu ndi chishango cha njere, ndipo nankafumbwe amavutika kuboola mankhusu amene sanang'ambike. Ine ndimalangiza kuti mpunga wodya pakhomo usungidwe wosapuntha, ndipo muzipita ku chigayo ndi wokwanira milungu yochepa yokha. Komabe mankhusu pa okha sateteza kotheratu, chifukwa njere zimene zinasweka pomenya zimapereka khomo, komanso pali kachilombo kena kakang'ono kofiirira kamene kamaboola ngakhale mpunga wosapuntha.

Chimene ndimafuna kuti mlimi aliyense achigwire kwambiri ndi kuumitsa. Mpunga wosunga uyenera kukhala ndi chinyezi chosapitirira 14 peresenti, ndipo popanda chipangizo choyezera mukhoza kudziwa ndi mano komanso mchere. Njere youma imalira kuti thwa mukailuma, pamene yaiwisi imangophwanyika mofewa. Njira ya mchere ndi yakuti mutenge botolo lagalasi louma, muthiremo mpunga ndi mchere wouma bwino, mutseke, mukhutchumule, ndipo mulisiye kwa kanthawi. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, mpungawo ubwerere padzuwa. Poyanika muyale mopyapyala pa lona kapena pa mkeka, osati pa dothi, ndipo muzitembenuza pafupipafupi, chifukwa mpunga wosiyidwa pa dzuwa la phwee osautembenuza umang'aluka m'kati, ndipo ku chigayo umatuluka woswekasweka umene ogula amaugwetsa mtengo. Ukauma, usiyeni uzizire pamthunzi musanauike m'thumba.

Mbewu zatsopano zisakumane ndi zakale. Sesani chipinda kapena nkhokwe, tenthani zinyalalazo, matani ming'alu, ndipo matumba akale muwatembenuze, muwakutumule ndi kuwaviika m'madzi owira. Matumba asanjidwe pa mitengo kapena matabwa, asagunde pansi ngakhale khoma.

Alimi angapo afunsa ngati matumba a PICS amagwiradi ntchito popanda mankhwala. Amagwira, ndipo kwa mpunga wodya pakhomo ine ndimawakonda kuposa njira ina iliyonse. Thumbali lili ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja, ndipo likamangidwa mpweya sulowa. Tizilombo timene tili m'katimo timamaliza mpweya wotsalawo popuma, kenaka timasiya kudya ndi kuswana mpaka kufa. Musanathire mbewu onani ngati mapulasitiki alibe pobooka, finyani mpweya wa pamwamba, ndipo mumange pulasitiki iliyonse payokha popotokola kukamwa kwake ndi kupinda musanamange chingwe. Thumba lotsegulidwa tsiku ndi tsiku lasanduka thumba wamba, choncho patulani mpunga wa mwezi umodzi m'chidebe china. Makoswe ndiwo mdani wamkulu wa matumbawa, ndipo mbewu yosauma bwino ikatsekeredwamo imaola.

Amene akusunga m'matumba wamba, makamaka chimanga, akhoza kuthira mankhwala a fumbi monga Actellic, koma agule m'sitolo yovomerezeka, botolo likhale lomata ndi losatha ntchito, ndipo muyezo ukhale umene walembedwa pa botolopo. Mankhwala opimidwa m'timapepala pa msika ndi osadalirika, ndipo bungwe la Pesticides Control Board ndilo limavomereza mankhwala oyenera kugulitsidwa m'dziko muno. Za mapilitsi otulutsa mpweya wa poizoni ndikuchondererani, abale anga, kuti musawaike m'matumba a m'nyumba imene mumagona, chifukwa mpweya wake umapha munthu, ndipo ntchitoyo ndi ya anthu ophunzitsidwa okha. Osunga chimanga ndi makaka achenjerenso ndi nankafumbwe wamkulu, amene anafika ku Malawi kuchokera ku Tanzania ndipo amaboola ngakhale mitengo ya nkhokwe.

Tsopano mayi a ku Nkhotakota, mpunga wanu sunatayike. Utulutseni dzuwa likakwera, muuyale kutali ndi nyumba kuti anankafumbwe othawa kutentha asabwerere m'chipinda, kenaka mupete ndi lichero ndipo zopetazo mutenthe. Popeza mazira ndi timphutsi tidakali m'kati mwa njere, kupeta kokha sikukwanira, ndiye wokhudzidwa kwambiri muyambe kudya, ndipo wotsalawo mutsekere m'thumba losalowa mpweya tsiku lomwelo ukangozizira. Ngati pali wina umene wagwirana, wachita chuku kapena ukununkha chinyontho, umenewo musadye ndipo musapatse nkhuku kapena nkhumba.