Kwa asuweni, pa nkhani ya sewero la mnyamata uja

Asuweni, funso lanu loti kodi n'kololedwa kusintha sewero la Shakespeare ndalimva, koma chimene chikukusowetsani tulo ndi mnyamata wanu amene wasandutsa Macbeth kukhala nkhani ya ufumu wa kumudzi, ndipo mukuopa kuti alephera mayeso a MSCE. Inuyo kufunsa molunjika kunakukanikani kuyambira tili ana.

Mukukumbukira nthawi imene amalume ankaphunzitsa kusekondale kuja. Iwo anaseweretsa ana sewero lomweli pabwalo la mpira, Duncan, mfumu imene Macbeth anaipha kuti alande ufumu, anamuveka nduwira n'kumugwiritsa litchowa, ndipo afiti atatu aja anawapatsa nsupa ndi malichero. Nyakwawa ya m'deralo, imene inkalimbirana ufumu ndi mphwake, inanyamuka sewero lili pakati osatsanzika aliyense, poganiza kuti amalume akuinyogodola pagulu. M'mawa mwake agogo anatumiza nkhuku yopepesera, ndipo amalume anadandaula za nkhukuyo mpaka tsiku la imfa yawo, ati inali thadzi loikira.

Tsono, mmm, zimene anachita amalumezo ena anazichita kale. Mu 1957 Akira Kurosawa wa ku Japan anapanga filimu ya Throne of Blood, momwe Macbeth ndi msilikali wachisamurai, ndipo m'malo mwa afiti atatu muli mzimu umodzi wopota ulusi m'nkhalango. Mu 1970 Welcome Msomi wa ku South Africa analemba uMabatha m'Chizulu, naiika nkhaniyo m'masiku a Shaka, ndipo mu 1972 seweroli linakaonetsedwa ku London komweko. Mu filimu ya Maqbool ya mu 2003, nkhaniyi ili pakati pa zigawenga za ku Mumbai ku India, ndipo afitiwo ndi apolisi awiri akatangale. Ngakhale Shakespeare mwini wake anaitola m'buku la mbiri la Holinshed n'kuikonza mmene anafunira.

Choncho mwanayo sakuononga buku, chifukwa munthu sangasamutsire nkhani kwawo asanaimvetse bwino. Ndikutanthauza kuti amene wazindikira kuti Duncan angakhale nyakwawa waliwerenga bukulo kuposa amene wangoloweza. Musiyeni apitirize, asuweni, ndabwerezanso, musiyeni. Mungomukumbutsa kuti pamayeso alembe Banquo ndi Macduff, asalembe mayina a anthu a kumudzi kwathu, ndipo mutidziwitse tsiku la seweroli.