Yankho kwa amene mwafunsa za kuyenda ndi nyumba zakale

Achimwene, mwafunsa ngati wojambula pamanja wa masiku ano akufunikiradi kuyenda kukaona nyumba zakale, pomwe zithunzi zake zili mbwee pa foni. Ndikuyankheni ine amene ndimadyera pensulo ndi makala konkuno ku Mangochi.

Foni imakuonetsa maonekedwe a khoma, koma kulemera kwake sumakumva. Ine zinandipeza ku Great Zimbabwe. Paja ife a kuno ulendo wa ku Joni uli ngati chinamwali, ndiye nanenso ndinakalawako. Pobwerera ndinatsikira pa Masvingo, poti mabwinjawo ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchoka m'tauni. Makoma ake ndi miyala yokhayokha, yosanjikiza popanda dothi kapena simenti, pena kutalika mpaka mamita 11, ndipo anamangidwa kalekale, zisanafike ndi zaka za m'ma 1500 zomwe. Pali kanjira kopanikiza pakati pa makoma awiri, koti ukalowamo thambo limangooneka ngati kansalu kabuluu. Ndinakhala pansi pomwepo n'kutulutsa kope. Rula yanga inasowa ntchito, chifukwa khomalo limangokhota ngati njoka, ngodya osaiona. Pansi n'lonenepa, likamakwera likuwonda, ndipo mwala uliwonse uli ndi kamthunzi kake kunsi. Ndinathera maola atatu pa khoma limodzi, zala zili bii ndi makala, ndipo chimene ndinajambula si miyala ayi, koma timithunzi timeneto.

Pamwamba pa khoma lalikulu pali miyala yopendekeka, kukwera n'kutsika ngati mano a sowo. Ndinaseka ndekha, chifukwa ndi kalukidwe komwe kali pa lichero la agogo anga. Ulendo wonsewo, kukapeza za kukhitchini kwathu!

Phindu lenileni ndinaliona nditafika kumudzi. Nsanja ya njerwa ya Queen Victoria ija, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, ndakula ndikuidutsa tsiku ndi tsiku koma ndinali ndisanaijambulepo. Ndi yakale, ya nthawi imene tauni ino inkatchedwa Fort Johnston, ndipo chapafupi pali mfuti ya sitima ya nkhondo ya Gwendolen. Ndinapitako m'mamawa dzuwa likungotuluka kutsidya kwa Shire. Apo m'pamene ndinaona kuti njerwa sizifanana, zina zinapsa kwambiri, zina zinadyeka m'mbali, ndiponso kuti mthunzi wa nsanjayo ukamasuntha anthu ousa pamenepo amasuntha nawo. Kuchokera apo ngakhale bwato ndikalijambula limakhazikika m'madzi. Kale linkangokhala ngati alimata ndi guluu pamwamba pa nyanja.

Koma musapite kukakopera. Wina amabwera ndi zipilala za ku Rome n'kuziika kumbuyo kwa mayi woyanika usipa pa thandala, ati luso lamakono. Kwa ine zimenezo ndi zobwereka, sizikhala thupi. Za dzuwa likulowa zomwe alendo amagula ku Chembe sindikuzinyoza, zimagula ufa, koma dzanja silikulirapo.

Pasipoti musaidandaule. Ku Blantyre kuli tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire za mapulani a nyumba, ndipo njerwa zake n'zamitundumitundu zoti mungathere sabata mukuzijambula. Ku Likoma kuli St Peter's, yoyamba kumangidwa mu 1903, Ilala ikakufikitsani. Ku Chongoni ku Dedza si nyumba, koma zojambula za makolo pamiyala, madontho ndi mizere yofiira ndi yoyera, zikakuchititsani manyazi ndi penti wanu wodula.

Malo amodzi muwajambule kawiri, m'mawa ndi madzulo, foni ili m'thumba. Pa mzikiti kapena pa tchalitchi yambani mwaodira akuluakulu. Loweruka likubwerali ndidzakhala pa nsanja paja isanakwane 7 koloko. Mudzatenge pensulo ya 2B ndi 6B, mapepala ndili nawo.