Kuwala kophethira pansi pa madzi mu labotale

Mwafunsa chifukwa chake thanki yanu ya ndere sikuonetsa timizere towala tovinavina ngati ta pamiyala ya m'Nyanja ya Malawi, ngakhale mukuvundula madzi. Ndikukayikira nyale imene mukuunikira thankiyo. Funde lililonse limapinda kuwala ngati galasi lokulitsira zinthu n'kukuunjika pamalo amodzi, koma zimenezi zimatheka kuwalako kukachokera pa kadontho kamodzi. Dzuwa kumwambaku limangotenga theka la digiri, ndiye limakhala ngati kadontho. Nyale ya LED yotambalala imawalira mbali zonse, ndiye timizereto timafufutana.

Pezani LED imodzi yamphamvu yokhala ndi lenzi, muipachike mita imodzi kapena kuposerapo pamwamba pa madzi. Ngati nyaleyo ili ndi chivundikiro choyera chomwaza kuwala, chichotseni.

Mafunde akhale ang'onoang'ono. Funde lotalika masentimita 5 kuchokera pansonga imodzi kufika pa inzake, lokwera milimita imodzi yokha pamwamba pa madzi odekha, limaunjika kuwala pakuya kwa masentimita pafupifupi 25, ndipo limagunda kasanu ndi kamodzi pa sekondi. Mukalikweza kawiri, malo ounjikirawo amakwera kufika theka la kuyako. Ambiri amalakwitsa pamenepa: amavundula mwamphamvu, kuwala n'kuunjikana pamwamba pomwe, pansi pamene pali ndere pasakufika kanthu. Popanga mafunde, kathabwa kopyapyala koyendetsedwa ndi stepper motor (kamota kozungulira pang'onopang'ono mwa masitepe ofanana) n'kokwana. Kafani kopemerera pamadzi kamapereka mafunde osakanikirana ofanana kwambiri ndi a m'nyanja, kungoti n'kovuta kubwereza zofanana tsiku lina. Mbali ina ya thanki, kumene mafunde akulowera, ikani siponji yopendekeka, apo ayi mafunde amabwerera kuchokera pakhoma n'kuima malo amodzi, timizere tija osayendanso. Madzi akhale oyera, matope pang'ono chabe amamwaza kuwala.

Poyeza musadalire mita ya PAR (yoyeza kuwala kumene zomera zimagwiritsa ntchito popanga chakudya) yolemba kamodzi pa sekondi. Kung'anima kumodzi kumatha m'kachigawo kakang'ono ka sekondi, choncho mitayo idzakuuzani kuti palibe chikusintha. Gwiritsani ntchito photodiode (kachipangizo kosandutsa kuwala kukhala magetsi) yaing'ono, mamilimita ochepa m'lifupi, yowerenga maulendo 100 kapena kuposa pa sekondi. Onaninso ngati LED yanu ikuchepetsedwa mphamvu ndi PWM (njira yoyatsa ndi kuzimitsa nyale mwachangu kwambiri), chifukwa kuphethira kwakeko kumalowerera m'zoyeza zanu.

Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi thanki yachiwiri yofananizira. Mafunde sawonjezera kuwala, amangokugawa mwina. Thanki yachiwiriyo ilandire kuwala kofanana mukaphatikiza tsiku lonse, ndipo madzi ake aziyendanso, koma pansi pa galasi logunda pamwamba pa madzi kuti pasachite mafunde. Mukapanda kutero simudzadziwa ngati ndere zakula chifukwa cha kung'anima kapena chifukwa madzi oyenda akuzibweretsera chakudya ndi mpweya.