Kuyankhula pamsonkhano si kudandaula: za doko la maboti ndi manatee ku Florida

Mayi, mwalemba kuti pafupi ndi nyumba yanu, m'mbali mwa Indian River Lagoon ku Florida, eni doko akufuna kuwonjezera malo oimikapo maboti pomwe manatee (nyama zikuluzikulu zoyamwitsa za m'madzi) amadyera udzu wa pansi pa madzi. Munakayankhula pamsonkhano wa khonsolo, munasainitsa anansi anu, ndipo wina wa mu ofesi anakuuzani pafoni kuti mawu anu alembedwa, mungodikira. Mukufunsa ngati zakwanira. Sizinakwanire, ndipo nkutheka kuti masiku anu ayamba kale kutha.

Doko lotere limafuna zilolezo zingapo. Khonsolo ya county imaona za kagwiritsidwe ntchito ka malo. Boma la Florida, kudzera ku Department of Environmental Protection kapena ku water management district, limapereka chilolezo chotchedwa Environmental Resource Permit, komanso lendi, poti nthaka yambiri ya pansi pa madzi ndi ya boma. Army Corps of Engineers, nthambi ya boma lalikulu la America, nawo ali ndi chawo. Zomwe munanena kukhonsolo zimathera konko, ena aja sazimva.

Pogwera anthu ndi apa. Boma likatulutsa chidziwitso choti likufuna kupereka chilolezo, mumakhala ndi masiku 21 okha oti mupereke pempho lolembedwa pansi pa Chapter 120, gawo la malamulo a Florida lokhudza kutsutsa zigamulo za nthambi za boma, kuti nkhani ikamvedwe ndi woweruza. Ngati chilolezocho achiphatikiza ndi lendi ija, masiku amatsika kufika 14, ndipo madoko akuluakulu nthawi zambiri amagwera m'gulu limeneli. Werengani chidziwitsocho mpaka kumapeto, nambala ya masiku imalembedwa momwemo. Kuwerengera masikuwa kumayamba tsiku lomwe mwalandira kalata kapena lomwe chidziwitso chatuluka m'nyuzipepala, m'timalembo ting'onoting'ono ta kumasamba akumbuyo tomwe palibe amatiwerenga. Pempholo liyenera kukhala litafika m'manja mwa kalaliki wa nthambiyo 5 koloko madzulo isanakwane. Tsiku lomwe mwaponya kupositi lilibe ntchito. Mukachedwa, lamulo limatenga kuti ufulu wanu mwausiya nokha. Ndaona anthu atanyamula zithunzi za manatee wa zipsera za injini pamsana, nkhani yawo yomveka bwino, akubwezedwa woweruza asanaone chithunzi nchimodzi chomwe.

Nchifukwa chake zimandinyansa kuti munthu wa mu ofesi angauze mayi wodandaula kuti "dikirani" osatchulapo za masikuwa. Alamu anunso, omwe akuti muyambe mwaona kaye akukhoma mizati m'madzi, auzeni mwaulemu kuti mizati ikamakhomedwa nthawi zambiri khomo limakhala litatsekedwa kalekale.

Kalata yongokwiya si pempho. Muyenera kulemba momwe chilolezocho chikukupwetekerani inuyo, ndi mfundo zomwe mukuzitsutsa. Chigamulo cha khoti la ku Florida pa mlandu wa Agrico mu 1981 chimafuna kuti wotsutsa aonetse vuto lenileni, losachedwa, komanso la mtundu womwe lamulo la chilolezocho linapangidwira kuteteza. Kuti mtengo wa nyumba utsika, kapena kuti maboti akutsekerani maonekedwe a nyanja, kawirikawiri sizigwira. Kuti mumapalasa bwato, kuwedza ndi kuonerera manatee pamalo omwewo, zimenezo nzomwe zimamveka.

Chida chanu chachikulu ndi Manatee Protection Plan ya county yanu. Florida inakhazikitsa Manatee Sanctuary Act mu 1978, ndipo mu 1989 ma county 13, kuphatikizapo Brevard, Volusia, Indian River, St. Lucie ndi Martin, anauzidwa kukonza mapulani amenewa. Pulaniyo imagawa gombe: apa doko lingakule, apa likule pang'ono potengera kutalika kwa gombe la mwiniwake, apa ayi. Nzoona kuti mu 2021 manatee oposa 1,000 anafa ku Florida, ambiri ndi njala udzu utatha m'nyanja yanu yomweyo. Koma woweruza adzafuna kudziwa ngati chiwerengero cha maboti chikugwirizana ndi pulani, kuya kwa madzi, ndi udzu womwe uphimbidwe ndi doko. Sindingakulonjezeni kupambana. Kuyambira 2011, wotsutsa chilolezo ndiye amasenza udindo wotsimikizira kuti ncholakwika, ndipo popanda katswiri wa zamoyo za m'madzi nkovuta. Nthawi zina chomwe chimatheka ndi kuchepetsa maboti kapena kusuntha doko, osati kuliletsa.

Chigamulo cha khonsolo chili ndi njira yakeyake: masiku 30 opitira kukhoti pansi pa gawo 163.3215 la malamulo a Florida. Samalani nayo, chifukwa kuyambira 2019 wogonja amalipira loya wa wopambana.

Lero lomwe lemberani nthambi yomwe ikuona pempho la eni doko, mutchule nambala ya fayilo, mupemphe kuti akutumizireni chidziwitso chilichonse molemba. Pemphani fayilo yonse pansi pa Chapter 119, lamulo lopatsa anthu ufulu woona zikalata za boma, muonemo ndemanga za Florida Fish and Wildlife Conservation Commission, nthambi ya boma yoona za nsomba ndi nyama zakuthengo. Ngati chidziwitso chatuluka kale, mutha kupempha masiku owonjezera, koma pempholo lifike tsiku lomaliza lisanadutse. Bungwe losapanga phindu loteteza zachilengedwe la mamembala osachepera 25 okhala mu county yomweyo lingathe kutsutsa m'dzina lake, bola likhale lomwe linakhazikitsidwa chaka chathunthu eni doko asanapemphe chilolezo. Ndipo sabata ino isathe musanaonetse mapepala onse kwa loya wa ku Florida wodziwa milandu ya zachilengedwe.