Unduna Ulibe Kosi, Mwanangu

Mtsikana wa Fomu 4 walemba kalata. Akuti anamva za Mia Mottley wa ku Barbados, yemwe anakhala nduna asanakwane zaka 30, ndipo iyenso akufuna zomwezo. Bambo ake ndi wapampando wa chipani m'dera lawo, ndiye amamutenga kumisonkhano ngakhale masiku a sukulu, ati akuluakulu amudziwe. Funso lake: aphunzire kosi yanji kuti adzakhale nduna?

Makalata otere amachuluka chisankho chikayandikira. Mwanangu, kosi yoteroyo kulibe. Unduna amakupatsa ndi mtsogoleri wa boma, ndipo akafuna amakulanda tsiku lomwelo.

Mottley yemwe ukumusirirayo, nkhani yake unaimvera pakati. Anayamba waphunzira zamalamulo ku London School of Economics, n'kumaliza mu 1986, n'kukhala loya. Mu 1991 anapikisana m'dera la St Michael North East ndipo anagwa. Anadzapambana mu 1994, Owen Arthur, nduna yaikulu ya nthawiyo, n'kumupatsa unduna wa zamaphunziro, achinyamata ndi chikhalidwe. Mu 2001 anakhala loya wamkulu wa boma, mayi woyamba paudindowu, ndipo mpando umenewo sakanaununkha popanda pepala lake lija. Mu 2010 aphungu a chipani chake chomwe, Barbados Labour Party, anamuchotsa pa utsogoleri n'kubwezerapo Arthur. Unduna waukulu unabwera mu 2018, pomwe chipanicho chinasesa mipando yonse 30. Werenga wekha zaka kuchokera 1991.

Palinso china chimene okuuza nkhaniyi anasiya. Agogo ake anali meya woyamba wa Bridgetown, likulu la Barbados, bambo ake loya amene anakhalapo phungu. Dzina lakuti Mottley linkadziwika iye asanabadwe, pachilumba cha anthu osakwana 300,000, ochepa kuposa a mumzinda wa Lilongwe. Iwe mwayi umenewo ulibe, choncho satifiketi ukuifuna kuposa mmene ankaifunira iye.

Bambo, ndi inu ndakwiya. Mwana wotsala pang'ono kulemba MSCE mukumuveka nsalu ya chipani kuti akavine pamsonkhano? Akuluakulu mukuwanenawo ana awo ali m'kalasi. Chipani chikagwa, kapena inuyo akakuchotsani pampando, mwanayu adzagwira chiyani? Ngati mukufunadi kuti adzalowe m'Nyumba ya Malamulo, mugulireni mabuku, kumisonkhanoko muzipita nokha.

Komabe sindikuti usiye kulota. Mwana wolemba kalata yomveka chonchi mutu uli nawo. Limbikira Chingerezi ndi History, koma Masamu usawataye, chifukwa amagwetsa ambiri ofuna malo ku yunivesite. Lowa kalabu ya debate pasukulu panu. Mapointi akabwera bwino, yang'ana zamalamulo ku University of Malawi ku Zomba, apo ayi zachuma. Ine ndingakonde zamalamulo, chifukwa loya akagwa pachisankho amabwerera kukhoti n'kumadya. Za utsogoleri kayesere mu bungwe la ophunzira ukakafika kumeneko. Zotsatira za mayeso oyeserera zikatuluka, undilemberenso tione maphunziro amene akukukoka pansi.